Ndemanga pa Zida Ziwiri za WHO Zopezera Manambala a Matenda: Mmene Zimagwirira Ntchito pa Miyala ya mu Impso ndi ya M'njira ya Mkodzo

Ubwino wa chida chofufuzira manambala a matenda sudziwika pa matenda amene ali ndi nambala imodzi yokha, chifukwa pamenepo ngakhale kapepala kopachikidwa pakhoma kangathe kugwira ntchitoyo. Umadziwika pa matenda amene nambala yake imasintha malinga ndi malo amene vuto lili, zimene vutolo labweretsa, ndiponso chimene chinaliyambitsa. Miyala ya mu impso ndi ya m'njira ya mkodzo ili m'gulu limeneli, pakuti mwala umodzi womwewo ungalembedwe ndi manambala osiyana potengera pamene waima, ngati watseka njira mpaka impso kutupa, komanso ngati mu mkodzo wotsekeredwawo mwalowa tizilombo. Pa chifukwa chimenechi ndasankha matendawa kuti akhale muyezo woyezera zida ziwiri zimene bungwe la World Health Organization, lomwe limaona za umoyo padziko lonse ndipo ambiri amangolitchula kuti WHO, linaika pa intaneti kuti aliyense azizigwiritsa ntchito kwaulere. Choyamba ndi tsamba lofufuzira manambala a ICD-10, ndipo chachiwiri ndi chida chotchedwa Coding Tool cha ICD-11. ICD (International Classification of Diseases) ndi mndandanda wa padziko lonse umene umapatsa matenda manambala olembera m'mafayilo a odwala, ndipo ICD-10 ndi ICD-11 ndi mitundu yake ya nambala 10 ndi 11. Zonse ziwiri zimapezeka pa icd.who.int. Maganizo anga ndi akuti zida zimenezi n'zodalirika kwambiri kuposa mindandanda yachidule imene anthu amapatsana m'maofesi osunga mafayilo a odwala, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chingapulumutse fayilo imene dokotala sanalembemo zokwanira.

Mbiri ya mndandanda wa matenda umenewu ndi yaitali, ndipo ndingoitchula mwachidule kuti wowerenga adziwe chifukwa chake pali zida ziwiri. Unayamba mu 1893 ngati mndandanda wa zifukwa za imfa umene anakonza Jacques Bertillon wa ku France, ndipo WHO inautenga mu 1948. ICD-10 inavomerezedwa mu 1990 ndi kuyamba kugwiritsidwa ntchito m'mayiko kuyambira m'ma 1994, ndipo imene ili pa tsamba la WHO monga yomaliza ndi ya 2019. ICD-11 inavomerezedwa mu Meyi 2019 ndipo inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, komabe mayiko ambiri adakali pa ICD-10, ena pa mitundu yake imene anaisintha kuti igwirizane ndi zofuna zawo, monga ICD-10-CM imene dziko la United States lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira pa 1 Okutobala 2015.

Tsamba la ICD-10 ndi losavuta kuliona. Kumanzere kuli mitu yonse ya matenda yosanjidwa bwino, ndipo munthu akatsegula mutu wa 14, womwe ndi wa matenda a ziwalo za mkodzo ndi zoberekera, amapeza gulu la miyala kuyambira pa N20 kufika pa N23. Gulu la N20 ndi la miyala ya kumtunda: N20.0 ndi mwala umene uli mu impso, N20.1 ndi umene uli mu ureter, komwe ndi kampaipi kochoka ku impso kupita kuchikhodzodzo, N20.2 ndi pamene miyala ili konse kuwiri nthawi imodzi, ndipo N20.9 ndi pamene sizinatchulidwe kuti mwala uli pati. Gulu la N21 ndi la kumunsi, ndipo N21.0 ndi mwala wa m'chikhodzodzo pamene N21.1 ndi wa mu urethra, njira yotulutsira mkodzo kunja. Chimene ndimayamikira kwambiri pa tsambali n'chakuti nambala siimaoneka payokha. Imaoneka pamodzi ndi manambala oyandikana nayo komanso ndi mawu onena zimene zikuphatikizidwa ndi zimene zikuchotsedwa, kotero kuti munthu amene wafika pa N20.0 amaona nthawi yomweyo kuti mwala waukulu wa nthambi, wotchedwa staghorn, uli momwemo, ndipo amene wafika pa N21.0 amaona kuti mwala wokhala m'kathumba kotumphuka pakhoma la chikhodzodzo nawonso ndi wa nambala imeneyo. Mindandanda yachidule imataya mawu amenewa, chikhalirecho ndiwo amene amasiyanitsa nambala yolondola ndi yongoyerekeza.

Pali vuto limodzi laling'ono limene tsambali silingathandizepo. Mawu akuti ureter ndi urethra amafanana kwambiri akalembedwa pamanja mofulumira, koma amatengera munthu ku N20.1 kapena ku N21.1, ndipo amenewa ndi malo awiri osiyana, okhala ndi chithandizo chosiyana. Chida chimangopereka chimene munthu walemba m'bokosi lofufuzira, choncho wolemba manambala ayenera kuyang'ana pa zotsatira za sikani kuti atsimikize.

Pamene ndikufuna kukhalitsapo ndi pa N13.2, chifukwa apa m'pamene zolakwika zambiri pa miyala zimachokera. Mwala ukatsika kuchokera mu impso n'kukakamira mu ureter, mkodzo umalephera kudutsa ndipo umabwerera m'mbuyo, monga mmene madzi amasefukira kumtunda kwa ngalande yotsekeka, mpaka m'kati mwa impso mumafufuma. Madokotala amati vutoli ndi hydronephrosis, ndipo limapezeka kawirikawiri pa odwala amene abwera ndi ululu woopsa wa mwala. ICD-10 inaika mwala wotseka njira pamodzi ndi kufufuma kwa impso pa nambala imodzi, N13.2, imene sili m'gulu la miyala n'komwe koma m'gulu lina la matenda a impso. Pansi pa N20 pali mawu onena kuti mwala wokhala ndi hydronephrosis upite ku N13.2, ndipo tsamba la WHO limawaonetsa bwino ndi kulola munthu kudina pomwepo kuti afike ku nambala inayo. Zimenezo n'zoyamikirika. Chodetsa nkhawa n'chakuti munthu amene wafufuza mawu onena za mwala wa mu ureter amatengedwa kupita ku N20.1, ndipo mawu ochenjezawo ali pamwamba, pansi pa mutu wa N20, osati pa nambala imene maso ake afikira. Wofulumira amalemba N20.1 n'kupitiriza, kapena amalemba N20.1 pamodzi ndi N13.3, yomwe ndi ya kufufuma kwa impso kosatchulidwa chifukwa chake, poganiza kuti wachita bwino potchula zonse ziwiri, pamene malamulo akufuna N13.2 yokha.

Zotsatira za cholakwika chimenechi si zazing'ono. Chipatala chikafuna kuwerenga odwala miyala amene chinathandiza m'chaka, ndipo wowerengayo n'kungotenga manambala a N20 mpaka N23, amasiya kunja odwala amene anadwala kwambiri, omwe analembedwa molondola pa N13.2. Kumbali ina, ngati olemba manambala anaika onse pa N20.1, chipatalacho chimaoneka ngati chinkathandiza miyala yosavuta yokhayokha, ndipo kumene ndalama za chithandizo zimalipidwa potengera manambala, zimene chimalandira sizifanana ndi ntchito imene chinagwira. Pamwamba pa zimenezi pali sitepe lina. Ngati mu impso yotsekekayo mwalowa tizilombo, nambala imachokanso pa N13.2 kupita pa N13.6, yomwe ndi ya impso yotsekeka ndi yogwidwa ndi tizilombo, ndipo malangizo amalola kuwonjezera nambala ya m'gulu loyambira pa B95 kuti mtundu wa kachilomboko udziwike. Wodwala wa N13.6 ndi amene moyo wake uli pangozi, amene amafunika kumutsegulira njira ya mkodzo mwamsanga poika kachubu m'kati mwa ureter kapena pobowola pamsana kufika mu impso, mwala usanakhudzidwe n'komwe. Choncho kuchoka pa N20.1 kufika pa N13.6 pali masitepe awiri amene munthu ayenera kuwatsata yekha, ndipo tsambali silimufunsa funso lililonse lomukumbutsa. Ndikanakonda likanakhala ndi njira yofunsa kuti, kodi impso yatupa, kodi muli tizilombo, munthu asanatenge nambala ya N20.

N23 ndi nambala ya ululu wa mwala pamene mwala weniweniwo sunapezeke kapena sunatchulidwe. Ululuwu, umene umayambira m'nthiti cha kumsana n'kutsikira kuchinena ndipo umabwera mwa mafunde, ndi umene umabweretsa odwala ambiri kuchipatala, choncho mawu onena za ululuwo ndiwo amalembedwa poyamba m'fayilo. Koma sikani ikaonetsa mwala, ululu uja wapeza mwini wake ndipo suyeneranso kulembedwa ngati matenda aakulu, monganso mmene magazi a mu mkodzo, R31, sayenera kuima m'malo mwa mwala umene wawachititsa. Lamulo limeneli silipezeka pa tsamba la manambala. Lili m'buku lachiwiri la ICD-10, lomwe ndi la malangizo, ndipo munthu ayenera kulitenga padera n'kuliwerenga. M'bukumo ndi mmene muli tanthauzo la matenda aakulu, kuti ndi amene adziwika pamapeto a chithandizo kuti ndiwo anachititsa wodwala kufuna kuyezedwa kapena kuthandizidwa, ndiponso kuti ngati palibe matenda amene apezeka, chizindikiro chachikulu ndicho chilembedwe. Mulinso malangizo a zoyenera kuchita dokotala akalemba kuti akungokayikira mwala: malinga ndi WHO, ngati wodwala watuluka zili choncho ndipo palibe china chofotokozera, matenda okayikiridwawo amalembedwa ngati otsimikizika. Malangizo a ICD-10-CM amasiyana pamenepa, chifukwa amalola zimenezo pa odwala ogonekedwa okha, ndipo pa odwala oyendera amafuna kuti chilembedwe chizindikiro basi. Kulekanitsa manambala ndi malamulo ake ndi kufooka kwenikweni kwa tsambali, pakuti wophunzira angaganize kuti wadziwa ntchito chifukwa chakuti wapeza nambala, pamene theka la ntchitoyo lili m'buku limene sanalitsegule.

Kufooka kwachiwiri sikuli pa tsamba lokha koma pa ICD-10 yeniyeniyo, ndipo kumandikhudza kwambiri chifukwa kumataya zinthu zitatu zimene dokotala wa miyala amayamba kufunsa: mwala uli mbali iti, ndi waukulu bwanji, ndipo ndi wa mtundu wanji. N20.0 sinena ngati mwala uli mu impso ya kumanja, ya kumanzere kapena zonse ziwiri. Wodwala akabweranso patapita chaka ndi nambala yomweyo, palibe angadziwe kuchokera pa manambala ngati ndi mwala wakale umene unatsala kapena watsopano wa mbali inayo, chikhalirecho miyala ndi matenda odziwika ndi kubwereza. Mayiko ena anaona vutoli n'kulipezera njira zawo. Ku Germany, mtundu wawo wa ICD-10-GM umalola kuwonjezera chilembo R, L kapena B chosonyeza mbali, pamene ku United States manambala a N20 alibe mbali ngakhale mu ICD-10-CM, ndipo mbaliyo imaoneka pa nambala ya opaleshoni kudzera m'zilembo RT ndi LT. Wogwiritsa ntchito tsamba la WHO alibe chilichonse mwa zimenezi.

Kukula kwa mwala ndi kumene kumatsogolera chithandizo. Timiyala tosafika mamilimita 5 tambiri timatuluka tokha ndi mkodzo wodwala akapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu ndi kudikira, pamene mwala wopitirira mamilimita 10 sutuluka wokha kawirikawiri. Wapakati angauphwanye ndi makina otumiza mafunde amphamvu kuchokera kunja kwa thupi, njira imene inayamba kugwiritsidwa ntchito pa odwala ku Munich mu 1980, kapena angaufikire ndi kachipangizo kolowera m'njira ya mkodzo. Mwala wa mu impso wopitirira mamilimita 20 nthawi zambiri umachotsedwa pobowola pamsana. Komabe kamwala ka mamilimita 3 kamene kapezeka mwangozi pojambula matenda ena, ndi mwala wa nthambi umene wadzaza impso yonse n'kuyamba kuiwononga, zonse zimalembedwa N20.0. Mtundu wa mwala nawo uli ndi tanthauzo lalikulu pa kupewa. Miyala yambiri ndi ya kashiamu, makamaka calcium oxalate. Ya uric acid sioneka pa ekisire wamba ndipo ingasungunuke ndi mankhwala ochepetsa asidi mu mkodzo. Ya struvite imabwera ndi mabakiteriya monga Proteus amene amaphwanya urea, ndipo ndiyo imakula msanga kukhala ya nthambi. Ya cystine imachokera ku matenda akumtundu otchedwa cystinuria ndipo imayamba munthu adakali wamng'ono. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimaoneka pa manambala a N20 ndi N21.

Njira yokhayo imene ilipo yosungira chifukwa cha mwala ndi kulemba nambala ina ya matenda oyambitsa, ndipo pamenepa tsamba la WHO limachita bwino poonetsa zizindikiro ziwiri za ICD-10, kamtanda ndi kanyenyezi. N22 ndi gulu la miyala yobwera chifukwa cha matenda amene ali m'mitu ina, ndipo manambala ake ali ndi kanyenyezi, kutanthauza kuti saima okha. N22.0 ndi mwala wobwera ndi likodzo, ndipo umalembedwa pamodzi ndi nambala ya likodzolo ya m'gulu la B65, imene ili ndi kamtanda ndipo ndiyo imatenga malo oyamba, pamene N22.8 ndi ya matenda ena otere. Pa tsambali manambala awiriwa ndi olumikizidwa, kotero kuti kudina kamodzi kumafikitsa munthu ku nambala inzake, ndipo zimenezi ndi zabwino kuposa kutembenuza masamba a buku. Munthu angochenjera kuti masamba ambiri a pa intaneti amene amatuluka poyamba pofufuza ndi a ICD-10-CM, momwe N22 ndi nambala imodzi yosagawidwa. Kusiyana kotereku kulinso pa wodwala amene anali ndi miyala kale koma pano alibe: ICD-10 ya WHO ili ndi Z87.4 yonena za mbiri ya matenda alionse a ziwalo za mkodzo ndi zoberekera, pamene ICD-10-CM ili ndi Z87.442 ya miyala yokha. Kusakaniza mitundu iwiriyi m'kaundula mmodzi kumabweretsa manambala amene kompyuta ya chipatala imakana kapena amene owerengera sawazindikira, ndipo phindu lina la tsamba la WHO n'lakuti limalemba pamwamba chaka ndi mtundu umene munthu akuwerenga. Matenda ena oyambitsa, monga kuchuluka kwa mahomoni a parathyroid pa E21.0, cystinuria pa E72.0, kapena kukula kwa prostate pa N40 kumene kumasunga mkodzo m'chikhodzodzo mpaka mwala kupangika, amalembedwa pokhapokha dokotala atawatchula, ndipo tsamba silikumbutsa munthu kuwafunafuna.

Coding Tool ya ICD-11 inapangidwa ndi maganizo ena. Tsamba la ICD-10 ndi buku loikidwa pa kompyuta, koma chida ichi chinapangidwa kuti munthu alembe mawu a dokotala monga alili n'kupatsidwa manambala oyenerera. Pamene munthu akulemba, chimamuonetsa mawu amene angamalize nawo chiganizo, chimasanja zotsatira, ndipo chimasonyeza mitu imene zotsatirazo zachokera kuti athe kuchotsa yosafunika. WHO imati ICD-11 ili ndi manambala pafupifupi 17,000 ndi mawu opitirira 120,000 amene angafufuzidwe, ndipo kuchuluka kwa mawuko kumaonekera pa miyala, chifukwa mayina osiyanasiyana amene madokotala amagwiritsa ntchito amafikitsa munthu pamalo amodzi. Miyala ili m'mutu wa 16. GB70 ndi ya kumtunda, momwe GB70.0 ndi ya mu impso ndipo GB70.1 ndi ya mu ureter, pamene GB71 ndi ya kumunsi, momwe GB71.0 ndi ya m'chikhodzodzo ndipo GB71.1 ndi ya mu urethra. Zilembo O ndi I sizigwiritsidwa ntchito m'manambala atsopanowa pofuna kuti zisasokonezeke ndi 0 ndi 1, ndipo aliyense amene anayesapo kuwerenga manambala olembedwa pamanja angayamikire zimenezo.

Zinthu zitatu zakonzedwa zimene ndikuziona kuti n'zofunika. Mwala wa nthambi wapatsidwa nambala yakeyake, GB70.00, kotero kuti sukubisikanso pakati pa timiyala ting'onoting'ono. Ululu wa mwala wachotsedwa m'gulu la matenda n'kuikidwa m'mutu wa zizindikiro pa MF56, ndipo malo atsopanowo amaphunzitsa okha kuti ululu ndi chizindikiro chabe. Chachikulu kwambiri n'chakuti mbali tsopano ikhoza kulembedwa. ICD-11 imalola kulumikiza nambala yaikulu ndi manambala owonjezera oyamba ndi X, ndipo XK8G ndi kumanzere, XK9K ndi kumanja, XK9J ndi mbali zonse ziwiri. Mwala wa mu ureter ya kumanzere umakhala GB70.1&XK8G, ndipo munthu safunika kuloweza zimenezi pamtima, chifukwa chidacho chimaonetsa zimene zingawonjezeredwe n'kumanga nambala yonse chokha akasankha. Matenda awiri okhudzana angalumikizidwenso ndi kamzere kopendekera. Apa chida chikuchita chimene ndinachisowa pa tsamba lakale, kuika pamaso pa wolemba manambala funso limene fayilo iyenera kuyankha, ndipo ngati dokotala sanalembe mbali, kusowa kwakeko kumaonekera pomwepo.

Ngakhale zili choncho, sindinganene kuti chida chatsopanochi chathetsa zonse. Manambala a GB70 ndi GB71 sagawa miyala potengera kukula kwake, choncho mamilimita aja amakhalabe m'mawu a dokotala ndi mu lipoti la sikani. Kufufuma kwa impso kuli m'gulu lina, GB56, ndipo munthu ayenerabe kuwerenga malangizo a pa nambala iliyonse asanalumikize. Pali ngozi inanso imene imabwera ndi kufulumira komweko. Chida chikapereka yankho msanga, munthu amakopeka kutenga nambala yoyamba pa mndandanda, ndipo pa mawu osamveka bwino imeneyo imakhala yothera ndi Z, kutanthauza kuti zambiri sizinatchulidwe. Kuwonjezera mbali si kokakamiza pa manambala ambiri, choncho ofesi imene siinaike lamulo lake pa nkhaniyi idzakhala ndi mafayilo ena okhala ndi mbali ndi ena opanda. Chidachi chimafuna intaneti, ngakhale kuti WHO inakonza njira yochiikira pa kompyuta za chipatala kuti chigwire ntchito popanda intaneti, zimene zimafuna katswiri wa makompyuta. Chilipo m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chingelezi, Chifalansa, Chisipanishi, Chiarabu, Chitchaina ndi Chirasha, ndipo amene amalemba m'chilankhulo china ayenera kudziwa mawu a zachipatala a chimodzi mwa zimene zilipo. Zida zonse ziwiri ndi za matenda okha. Kuphwanya mwala, kuika kachubu ndi maopaleshoni ena ali m'mindandanda ina, monga ICHI ya WHO yomweyo kapena CPT ya ku United States.

Zonsezi zikubwerera pa cholembera cha dokotala, ndipo pamenepa ndikufuna kulankhula mosabisa. Wolemba manambala saloledwa kupeza matenda payekha. Lipoti la sikani likanena kuti impso yafufuma koma dokotala amene anathandiza wodwalayo sanalembe zimenezo, choyenera ndi kumufunsa dokotalayo, osati kulumphira pa N13.2 kapena kungonyalanyaza n'kulemba N20.1. Funsolo liyenera kukhala losakokera mbali, lonena zimene zaoneka m'fayilo ndi kupempha kuti afotokoze tanthauzo lake. Mafunso otere amachepa dokotala akazolowera kulemba chiganizo chimodzi chokwanira, monga chakuti mwala wa mamilimita 7 uli kumunsi kwa ureter ya kumanzere, watseka njira, impso yafufuma, mulibe tizilombo, ndipo mu impso ya kumanja muli kamwala kena kosatseka njira. Chiganizo chimenechi chimapereka malo, mbali, kukula, zotsatira ndi zimene kulibe, ndipo ndi chimenechi zida zonse ziwiri zimafikitsa munthu pa nambala yolondola mosavuta. Mawu akuti miyala basi, kapena ululu wa impso, amathera pa N20.9 ndi N23 m'chida chakale, kapena pa manambala ofanana nawo m'chida chatsopano. Mwala ukatuluka kapena ukachotsedwa, zimenezo nazonso zilembedwe, kuti pa ulendo wotsatira nambala ichoke pa matenda amene alipo kupita pa mbiri, ndipo zotsatira za kuyeza mwalawo kulabu zikabwera ziikidwe m'fayilo ngakhale nambala ilibe malo ake.

Kwa amene dziko lawo kapena kampani yawo ya inshulansi ikufunabe ICD-10 ya WHO, tsamba lakale ndi loyenera kukhala lotsegula nthawi zonse, bola buku la malangizo likhale pafupi ndipo mawu a pansi pa mutu wa N20 awerengedwe pa fayilo iliyonse ya mwala wa mu ureter. Amene amagwiritsa ntchito mtundu wa dziko lawo, monga ICD-10-CM kapena ICD-10-GM, asatenge manambala pa tsambali, chifukwa sagwirizana m'malo onse. Kwa ophunzira ndi kwa zipatala zimene zikukonzekera kusamuka, Coding Tool ya ICD-11 ndi yabwino kuyamba kuizolowera panopa, ndipo miyala ndi mutu wabwino wophunzirirapo kulumikiza manambala chifukwa mbali ndi chinthu chimene aliyense amachimvetsa. Posamukapo, matebulo amene WHO imapereka ofananitsa manambala akale ndi atsopano adzathandiza, koma owerengera ayenera kukumbukira kuti N20.0 yakale imagawika mu ICD-11, ndipo palibe njira yodziwira kuti mwa odwala akalewo ndi angati anali ndi mwala wa nthambi popanda kutsegulanso mafayilo awo. Momwemonso ululu wa N23 ukuchoka m'mutu wa matenda a mkodzo kupita m'mutu wa zizindikiro, choncho chiwerengero cha odwala m'mutuwo chingaoneke ngati chatsika m'chaka chosamukira ngakhale odwalawo sanachepe, ndipo lipoti la chaka chimenecho liyenera kufotokoza zimenezi pafupi ndi chiwerengerocho.